Chishalo cha dropper chikugwedera, ndimange pati?

Bambo a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Njinga yanga ya m'mapiri ndinagula kwa munthu, inabwera ndi dropper, paipi ija ya chishalo yotsika ndi kukwera ukakhudza liva ya pa mahandulo, yopanda dzina lodziwika, yonenepa mamilimita 31.6, yotsika mamilimita 150, yoyendera waya wodutsa m'kati mwa felemu. Kutsika ndi kukwera ikuchita bwinobwino, koma chishalo chikugwedera. Ndikagwira kumphuno kwake n'kukankhira uku ndi uku chikusuntha, mpaka kumveka kuti kha kha. Kale zinali pang'ono, koma chiyambire fumbi la chilimwe chino zanyanya. Potsika ku Zomba Plateau mtima sukhala m'malo, ndimangoona ngati china chake chithyoka. Ndimange pati? Kapena yatha ntchito basi?

Dalitso_MTB: Mangani kalampu ya pa felemu ija mwamphamvu achimwene. Nthawi zambiri imakhala yakhwepa.

aChisale (Cape Town): Bambo a Tadala, musamange kaye chilichonse. A Dalitso, pepani, pamenepo ndikukanani. Kalampu ya pa felemu ntchito yake ndi kugwira paipi yakunja kuti isatsetserekere m'felemu. Kugwedera akunenaku kumakhala pakati pa paipi yakunjayo ndi paipi yosalala imene imalowa ndi kutuluka. Mukaimanga mopyola mumafinya paipi yakunja, ndiye dropper imayamba kukakamira pobwerera m'mwamba, pena kuima panjira. Buku la dropper ya RockShox Reverb limati mphamvu yomangira bawuti wa kalampuyo isapyole 6.7 Nm, ndipo mphamvu imeneyi ndi yochepa kuposa mmene ambiri timaganizira. Kuno ku shopu timalandira ma dropper ambiri amene eni ake amati afa, chonsecho angofinyidwa ndi kalampu.

Tiyambe tapeza chimene chikugwedera. Kwezani dropper ifike m'mwamba. Dzanja limodzi gwirani paipi yosalala ija pafupi ndi mutu wake, linalo mugwedeze chishalo. Ngati chishalo chikusuntha paipi ili phee, vuto lili pamwamba pomwepo: mabawuti awiri omanga chishalo, kapena marelo ake, tizitsulo tiwiri tija ta pansi pa chishalo, tayamba kusewera m'mabowo a pulasitiki. Ngati paipi nayo ikupotoka limodzi ndi chishalo, nkhani ili m'kati. Mukatero ikani chala pamene paipi yosalala ikulowera mu kolala, mphete ija ya pamwamba pa paipi yakunja, mukankhire chishalo kutsogolo ndi kumbuyo, mumve ngati pakugogoda. Kenako khalanipo osakhudza liva, muone ngati chikutitimira. Mutiuze.

Bambo a Tadala: Zikomo aChisale. Ndachita monga mwanenera. Bawuti wakumbuyo anali wofewa pang'ono, ndamanga, phokoso lachepako. Koma paipi nayo ikupotoka ndithu. Ndinayedzamiritsa njinga kukhoma n'kuika rula pamphuno pa chishalo: kuchoka mbali ina kufika inayo ndi mamilimita pafupifupi 4. Kutsogolo ndi kumbuyo kukugogoda pang'ono pokha. Kutitimira ayi, ndikakhala ili nji.

Nangozo: Ine yanga ndinagula yatsopano ndipo kuyambira tsiku loyamba inkasuntha pang'ono kumphuno, mwina milimita imodzi. Ndinadandaula kwambiri poganiza kuti andigulitsa yowonongeka, koma amene anandimangira njinga anati zonse zimatero. Ndikakwera sindimva kanthu. Koma mamilimita 4 achimwene ndi ambiri, amenewo pachitunda mukuwamva ndithu.

Bambo a Tadala: Ndikuwamva achemwali, makamaka pokwera kuchokera m'tauni kupita ku Ku Chawe. Mwendo uliwonse ndikaponda, chishalo chikutsatira ntchafu.

aChisale (Cape Town): Anangozo, anakuuzani zoona amene anakumangirani njingayo. Ndifotokoze za m'katimo kuti tonse timvane.

Mapaipi onse awiri ndi obulungira. Pakanapanda choletsa, chishalo bwenzi chikuzungulira mpaka kuloza kumbuyo. Ndiye kumunsi kwa paipi yosalala kuli timabowo mmene mumagona timapini ta brass, kawirikawiri titatu. M'kati mwa paipi yakunja anasemamo tingalande toyenda kuchokera pamwamba kufika pansi. Timapini timayenda m'tingalande timeneti dropper ikamatsika ndi kukwera. Kuti tiyende, payenera kutsala kampata. Kakasowa, dropper siyenda.

Kampatako ndi kakang'ono zedi, koma chishalo chimakakulitsa. Pini ili mamilimita pafupifupi 13 kuchokera pakati pa paipi, pamene mphuno ya chishalo ili masentimita 15 kapena kuposerapo. Ndiye kuti mpata wa 0.1 mm pa pini umaoneka ngati milimita imodzi ndi kanthu kumphuno. N'chimodzimodzi chitseko: hinji ikakhwepa pang'ono chabe, kumapeto kwa chitseko n'kumene kumakhula simenti. Mamilimita 4 anuwo akutanthauza kuti pa pini patsala mpata wa gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, kapena kuposerako pang'ono. Timapini tadyeka. Sikuti njinga ithyoka mawa, mtima ukhale pansi, koma mukazisiya timapini todyekato timamenya m'mbali mwa tingalande, ndipo tingalande tikakula palibenso mankhwala.

Kugogoda kwa kutsogolo ndi kumbuyo ndi nkhani ya mabushi, timphete togwira paipi yosalala kuti iziyenda mowongoka. Ina imakhala pansi pa kolala, ina kumunsi kwa paipi yosalala. Zimenezi zimadyeka msanga kwa anthu olemera thupi ndiponso pa felemu imene paipi yake ya chishalo inapendekera kwambiri kumbuyo, chifukwa kulemera konse kumakankhira paipi mbali imodzi.

Dalitso_MTB: Ndamva bwana. Nanga osangodula chitini cha zakumwa n'kulowetsa pampatapo? Pa njinga zina timatero zikakhwepa.

aChisale (Cape Town): Pa paipi wamba yosayenda mwina, ngakhale apo sindilimbikitsa. M'kati mwa dropper ayi. Kachitini kaja kapindika ulendo woyamba womwe, kakanda paipi yosalala, ndipo paipi yokandika imang'amba rabala yotchinga fumbi. Komwe shimu imagwira ntchito ndi pamene dropper ili ya 30.9 koma felemu ndi ya 31.6. Apo mumagula shimu yeniyeni yaitali bwino, osati chitini.

Mayi a Yankho (Leeds): Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito ya usiku. Kuno mdani wathu ndi matope a nyengo yozizira, kwanuko ndi fumbi, koma zotsatira zake n'zimodzi. Tayala lakumbuyo limaponyera zonse pa paipi yosalalayo, dropper ikatsika imalowetsa zina m'kati, zikasakanikirana ndi girisi zimasanduka phala lopala zitsulo.

Za timapini ndiwonjezere izi. Ta Reverb timabwera masaizi osiyanasiyana, ndipo kalikonse kali ndi timizere tojambulidwa pathupi pake. Umawerenga timizereto n'kugula ta timizere tofanana. OneUp nawo amagulitsa timapini tonenepako pang'ono ta dropper yawo, kuti amene mpata wakula atsekeko. Ndiye opangawo akudziwa kuti timeneti ndi tinthu tosintha ngati mabuleki, si kuti dropper yatha. RockShox amati paipi yakunja izitsegulidwa, kupukutidwa ndi kupakidwa girisi pa maola 50 aliwonse okwera. Tikawerenga bwino, munthu wokwera Loweruka ndi Lamulungu amakwanitsa maola amenewo m'miyezi yochepa chabe.

Bambo a Tadala, chiigulireni inatsegulidwapo?

Bambo a Tadala: Kwa ine ayi mayi, ndipo mwini wake woyamba sananenepo kanthu za zimenezo. Vuto langa ndi loti dzina la kampani silikuoneka, pangotsala manambala a saizi. Timapini take ndikatipeza kuti kuno?

Madala a ku Limbe: Mwana wanga, zimenezo zisakusowetse tulo. Ine ntchito ya lathe ndakalamba nayo. Bweretsa kapini kamodzi ndikayeze, ndikusemera titatu ta stainless. Timeneto sitidzadyekanso mpaka njinga idzathe.

aChisale (Cape Town): Madala, ulemu wanu, luso lanu palibe angalikayikire. Koma stainless yokhayo ndikupemphani musaike. Paipi yakunja ndi ya aluminiyamu, ili ndi kachikopa kolimba kopyapyala pamwamba pake. Brass anaisankha dala kuti izidyeka ndi iyo, paipi ipulumuke. Mukaika chitsulo cholimba, pini ikhala bwinobwino koma idya tingalande. Timapini ndi totchipa. Paipi yakunja, ikapezeka n'komwe, mtengo wake umayandikira wa dropper ina.

Madala a ku Limbe: Aa, paipiyo ndi ya aluminiyamu? Ndiye wanena zoona mwana wanga. M'makina akuluakulu timachitanso chomwecho, bushi timasema ya mkuwa kuti shafiti isadyeke. Chabwino, brass ndili nayo. Ngakhale ndodo zowotcherera zija za brazing ndi brass, zimabwera zonenepa mosiyanasiyana, ndikhoza kutsitsa imodzi kufika saizi yake. Kungoti pa ntchito yotereyi veniya siikwana, pafunika micrometer. Ndipo tiyeze pamene kapini sikanadyeke, kumapeto kwake, osati pakati.

aChisale (Cape Town): Apo ndiye tagwirizana Madala. Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene chimapusitsa amisiri ambiri. Tingalande sitidyeka mofanana kutalika konse. Munthu amapalasa nthawi yaitali dropper ili m'mwamba, ndiye kumtunda kwa tingalande n'kumene kumakula, pamene pakati ndi kumunsi kumakhala pafupifupi mmene kunachokera ku fakitale. Mukasema pini yothina bwino kumtunda, ikatsika pang'ono ikakamira. Choncho musemere malo opapatiza, osati otakasuka. Muyambe ndi saizi yoyambirira. Ngati mukufuna kunenepetsa, onjezerani 0.02 mm basi, muyese, osati kudumphira patali. Kuyesa kwake: musanabwezeretse katiriji, kapaipi ka m'kati kokhala ndi oyilo ndi mpweya, lowetsani paipi yosalala ndi timapini take, muiyendetse ndi dzanja kuchokera pamwamba mpaka pansi. Iziyenda ndi zala zokha popanda pokakamira. Ndipo nsonga za timapini muzibulungize ndi sandipepa wosalala, zisakhale zakuthwa.

Nangozo: Ndiye kuti ngakhale ataikamo tatsopano, kugwedera kwina kutsala?

aChisale (Cape Town): Kutsala, ndipo kuyenera kutsala. Milimita imodzi kapena iwiri kumphuno musalimbane nayo. Dropper yosagwedera ngakhale pang'ono koma yokana kukwera mukafika pachitunda ndi yoipa kuposa yogwedera pang'ono. Makampani ayesa njira zina, monga KS LEV imene ili ndi beringi yapadera mu kolala yothandiza kuchepetsa kupotoka, komabe timapini tili momwemo.

Che Mjomba: Pepani ndilowerere ndi langa. Yanga siigwedera m'mbali, koma ndikakhala imatitimira pafupifupi sentimita, ndikadzuka imabwerera. Nayonso ndi timapini?

Mayi a Yankho (Leeds): Ayi Che Mjomba, lanulo ndi lina. Yambani ndi waya. Ngati wakungika kwambiri amakoka vavu pang'ono ngakhale simunakhudze liva. Pa liva pali kanati kozungulira ndi zala, kabwezeni mpaka liva ikhale ndi kampata isanayambe kukoka. Ngati ikutitimirabe, ndiye kuti mpweya walowa mu oyilo. Chimene chimagwira chishalo pamalo amodzi ndi oyilo wotsekeredwa, poti oyilo safinyika. Mpweya umafinyika, n'chifukwa chake mukumva ngati sipulingi.

Che Mjomba: Mpweyawo ulowa bwanji poti sindinatsegulepo?

aChisale (Cape Town): Njira yodziwika kwambiri ndi kunyamula njinga pogwira chishalo dropper ili pansi. Mukakoka choncho, mumakoka pisitoni, mbali ya oyilo mumakhala ngati mukuyamwa, ndipo mpweya umazemba pa rabala n'kulowa. Zimachitika pokweza njinga pa galimoto, powolotsa pamtsinje, kapena poikoleka pa msomali ndi chishalo. Muzikweza kaye dropper musananyamule, ndipo posunga njinga izikhala m'mwamba.

Kukonza kwake kumadalira mtundu. BikeYoke Revive ya ku Germany ili ndi kavavu pamutu pake: mumatsegula, n'kukankhira chishalo pansi, n'kutseka, mpweya wabwerera kwawo. Reverb zina zili ndi chotchedwa Vent Valve cha ntchito yomweyo. Koma zambiri zotchipa zimene zimabwera ndi njinga zili ndi katiriji yomata, imeneyo mumangosintha yonse. Ndipo apa ndinene motsindika kwa aliyense: katiriji yomata musaiboole, musaidule, musaiyandikize kumoto. Muli mpweya wamphamvu kwambiri. Zopopa ndi pampu ya shock zimafika 250 mpaka 300 psi, pamene tayala la njinga yomweyo timapopa pansi pa 30. Ngati yanu ili ndi vavu yopopera pansi pa mutu wa chishalo ndipo mukufuna kutsegula mbali ya oyilo, tulutsani kaye mpweya wonse, maso mutatchinga.

Che Mjomba: Ndabweza kanati ka pa liva, kutitimira kwachepa koma sikunathe. Ndiye kuti ndi katiriji. Zikomo akuluakulu.

Wa Kabaza Wakale: Koma abale, mavuto onsewa chifukwa chiyani? Chotsani chinthucho muike paipi wamba. Ine ndanyamula anthu zaka zambiri pa njinga, chishalo sichinagwederepo.

Nangozo: Bambo, pamsewu mukunena zoona, dropper ilibe ntchito. Koma tsiku lina mudzayese kutsika kanjira ka miyala chishalo chili m'mwamba. Chimakukankhani kuchokera kumbuyo, thupi lonse limapita pa mahandulo, tayala lakutsogolo likangogunda mwala mwadutsa pamwamba. Ine ndisanakhale nayo ndinkaima pamwamba pa mtsetse uliwonse kumasula kalampu, pansi n'kuimanso kukweza. Kwa ife aafupi msinkhu imathandizanso poima, phazi limafika pansi msanga. Sindingabwererenso ku paipi wamba.

Mayi a Yankho (Leeds): Ndipo nzeruyi si yalero. Mu 1984 Joe Breeze ndi Josh Angell ku California anatulutsa Hite-Rite, kasipulingi kokweza chishalo ukamasula kalampu uli pa njinga pomwepo. Ngakhale a mipikisano ya pamsewu anaiona phindu: mu 2022 Matej Mohorič anapambana Milan–San Remo atamanga dropper pa njinga yake, n'kuwathawa anzake potsika phiri la Poggio.

Wa Kabaza Wakale: Chabwino, ndamva. Kumapiriko sindinapiteko ndi njinga, ndisatsutse zambiri.

Bambo a Tadala: AChisale, ndikufuna nditsegule ndekha Loweruka kuti nditenge kapini ndipite nako kwa Madala. Ndiyambire pati kuti ndisawononge?

aChisale (Cape Town): Mukhoza, si ntchito yoopsa bola katiriji musaitsegule. Yalani nsalu yoyera patebulo, chifukwa timapini tikagwa m'fumbi simutipezanso.

Musanachotse dropper m'felemu, matani tepi pamene yalekezera kuti mudzabwezere pomwepo. Masulani waya ku liva kuti upeze mpata, kokani dropper pang'onopang'ono uku mukukankha waya kuti ulowe m'felemu, kenako kolowolani waya kumunsi kwake. Chotsani chishalo. Kolala yambiri imamasuka ndi dzanja. Ikakana, kulungani chidutswa cha chubu chakale kuti dzanja ligwire. Pulayala kapena sipanala ya mapaipi a madzi musayandikize. Ngati mugwiritsa ntchito vaisi, gwirani paipi yakunja yokha, mofatsa, mutaikulunga, ndipo paipi yosalala isakhudze chitsulo chilichonse.

Kumunsi kuli kachipangizo kamene waya amakoka. Pa mitundu ina kamamasuka ngati nati, pa ina kamagwidwa ndi kawaya kozungulira. Jambulani chithunzi pa foni musanachotse chilichonse, ndiponso mukachotsa chilichonse. Kakachoka, paipi yakunja imasolokera pansi, ndipo timapini mutiona titagona m'timabowo take. Ikani dzanja pansi, timagwa tokha.

Pukutani zonse ndi spirit ndi nsalu yopanda ulusi wothothoka. M'tingalande lowetsani nsalu pakamtengo, mubwereze mpaka ituluke yoyera. Kenako unikani ndi tochi m'kati mwa paipi, muone ngati m'mbali mwa tingalande muli mowala kapena motupa. Muonenso ngati katiriji yamangika bwino kumutu kwa paipi yosalala, chifukwa ikakhwepa nayo imagogoda m'mwamba ndi pansi.

Girisi akhale wopepuka, wa mtundu wa Slickoleum kapena SRAM Butter, amene timapaka m'mafoloko a shock. Girisi wolimba wa maberingi a galimoto amachititsa dropper ulesi, makamaka m'mawa kukazizira, ndipo mukadzaza wambiri amatseka timabowo ta kumunsi totulukira mpweya.

Dalitso_MTB: Girisi ameneyo ku Blantyre kuno ndi wosowa bwana. Ine ndili ndi kachitini kamene anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg. Bambo a Tadala mukabwera kwa Madala mundiuze, ndidzakupunguliraniko. Safunika wambiri.

Bambo a Tadala: Mulungu akudalitseni achimwene, ndikuimbirani.

Bambo a Tadala: Ndabweranso abale. Ndatsegula. Pansi pa kolala panali fumbi lofiira lowumbika ngati dothi, rabala yake yosaoneka n'komwe. Girisi wa m'kati anali wakuda bii, wouma, ndipo ndikamupaka pachala ndimaona timadontho tonyezimira ngati golide. Ndikhulupirira ndi brass yomwe yadyekayo. Timapini ndi titatu ndithu. Kalikonse kali ndi mbali imodzi yaphwatalala yowala, ukakagubuduza patebulo kamaima pomwepo. Tingalande ndaunika, kumtunda kukuwala pang'ono koma ndikadutsa chikhadabo sichikukodwa. Bushi ya pansi pa kolala ndi yoyera, ya pulasitiki, yodukiza mbali imodzi, ndipo kutsogolo kwake yapyapyala kuposa kumbuyo.

aChisale (Cape Town): Mwaipeza nthawi yabwino. Ngati chikhadabo sichikukodwa, paipi ikadali yamoyo. Kudukiza kwa bushiyo si kuthyoka, anaipanga choncho kuti izivalika. Koma kupyapyala mbali imodziko n'kumene kukugogoda kutsogolo ndi kumbuyo. Timapini pitani nato kwa Madala tonse titatu pamodzi ndi mapaipi onse awiri, kuti akayesere pomwepo.

Nangozo: Funso langa ndi la fumbilo. Ndinaona wina atavala paipi yosalala chubu chakale ngati sokosi, kuchokera pa chishalo kufika pa kolala. Zimathandiza?

Mayi a Yankho (Leeds): Ine sindikonda njira imeneyo achemwali. Fumbi limalowabe, ndipo likalowa silituluka, limangokhuzika pa paipi uku inu simukuona. Bola kachotchinga matope kakang'ono pamwamba pa tayala lakumbuyo kapena pansi pa chishalo, kuti zoponyedwa ndi tayala zisafike. Koma chachikulu ndi kupukuta paipi ndi nsalu yofewa mukangofika kunyumba, musanatsitse dropper. Mwa apo ndi apo masulani kolala yokha, osachotsa dropper m'felemu, muikweze, mupukute pansi pake, mupake girisi pang'ono, mubwezere. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

aChisale (Cape Town): Ndipo ku car wash musalole anyamata aloze mpope wamphamvu uja pa kolala. Madzi amakankhira mchenga kudutsa rabala n'kutsuka girisi yense. Ndowa ndi siponji zikwana.

Madala a ku Limbe: Mnyamata uja anabwera ndi mapaipi ake. Tinayeza kumapeto kwa timapini kumene sikunadyeke, ndinasema titatu ta saizi yomweyo ndi tina titatu tonenepako ndi 0.02 monga ananenera aChisale. Tonenepato tinalowa bwino kumtunda koma pofika pakati pa paipi tinayamba kulimba, mpaka kufuna kukankha ndi chikhatho. Tinatichotsa, tinaika ta saizi yoyambirira. Timeneto tikuyenda ndi zala ziwiri kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tinato ndamupatsa asunge.

Dalitso_MTB: Girisi ndinawapatsa, tinamangira limodzi pa shopu ya Madala pomwepo.

Bambo a Tadala: Zikomo kwambiri nonse, makamaka Madala, aChisale ndi achimwene Dalitso. Ndayezanso ndi rula uja: kuchoka pa mamilimita 4, tsopano ndi imodzi ndi theka. Phokoso la kha kha latha, ndipo ikukwera mwachangu kuposa kale, mpaka kumveka kugunda ikafika pamwamba. Dzulo ndinakwera chitunda chonse osamva chishalo chikutsatira mwendo. Chatsala ndi kugogoda pang'ono kwa kutsogolo ndi kumbuyo, poti bushi tinabwezera yakale yomweyo. Madala akuti akhoza kusema ina ya brass. Tichite?

aChisale (Cape Town): Bushi imeneyo isakhale ya brass. Iyo imakhuza paipi yosalala mwachindunji, ndipo kachikopa ka paipiyo kakangokandika, rabala siigwiranso fumbi. Pamafunika pulasitiki yoterera ya mtundu womwewo. Ma dropper ambiri opanda dzina amachokera m'mafakitale ochepa a ku Taiwan ndi China, ndiye nthawi zina bushi ndi rabala za mtundu wina zimalowa ndendende. Madala ayeze ndi micrometer kunenepa kwa paipi yosalala, kutalika kwa bushi ndi kuchindikala kwake pambali yosadyekayo, ayezenso rabala ya mu kolala m'kati ndi kunja. Mujambulenso kumunsi kwa dropper kumene waya amakola, chifukwa pamenepo m'pamene ndimazindikirira fakitale yake. Ndikayang'ana m'bokosi la zotsala kuno ku shopu. Pakadali pano mukhoza kukwera, kungoti muitembenuze bushiyo kuti mbali yopyapyala isakhalenso pamene inali.

Madala a ku Limbe: Abwere nayo Lachiwiri m'mawa magetsi asanazime, tidzayeza zonse.

Mayi a Yankho (Leeds): AChisale, manambalawo akabwera muwaike pagulu pano. Ikakasowa ku Cape Town ndidzafunsa m'mashopu a kuno, mchemwali wanga akubwera kumudzi mwezi wa mawa, akhoza kunyamula.

Che Mjomba: Pamene mukuyang'ana m'bokosimo aChisale, muonenso katiriji ya dropper yotsika mamilimita 125. Kutalika kwake ndiyeza madzulo ano ndikaweruka.